Agalu a Bambo Aqqalu

"Ababa, mfuti nayi," anatero Pipaluk. "Anzanu onse anawombera kale agalu awo. Nyanja siikuundananso, ndiye chileyicho agalu azikokera pati? Pamadzi?"

Bambo Aqqalu sanaiyang'ane n'komwe mfutiyo. Moyo wawo wonse ankawedza pobowola nyanja youndana ya ku Uummannaq, agalu akuwakoka pachileyi pamwamba pake, ndipo analumbira kuti m'boti la mwana wawoyu sadzapondamo. Koma chaka chino madzi anafunda, nsomba n'kuthawira kumpoto kozizira, agalu n'kumangodya osagwira ntchito.

"Galu wanga sangafere mlandu wa nyanja," anayankha. "Yalakwa ndi nyanja, kawombere imeneyo."

Anamasula agalu onse n'kulowera nawo kugombe, anthu akuwaseka m'mawindo. Pipaluk anawathamangira poopa kuti akukadziponya m'madzi.

Anawapeza atakhala m'boti lake lija, chileyi atachimangirira kutsogolo, agalu ali piringupiringu m'miyendo mwawo.

"Si paja munalumbira, Ababa?"

"Ndani wakwera boti? Ine ndikungoperekeza agalu. Liza injini iwe, titsate nsomba komwe kukuzizirako."