Dzina la mkazi wake pa magazi a munthu wina

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, wanzeru ndithu koma wosamva za anzake. Nkhaniyi ndi yoona, ine anandiuza ndi mlamu wake weniweni.

Chipatala china chinamupatsa ntchito yofulumizitsa pulogalamu yosindikiza zotsatira za magazi. Iye anaigawa panayi kuti zigawo zonse zizigwira ntchito nthawi imodzi. Koma malo osungira dzina la wodwala, omwe eni ake amati variyebulo, anasiya amodzi okha, kuti chigawo chilichonse chizilembapo n'kuwerengapo.

Mayi wina wachikulire wogwira naye ntchito anamuchenjeza. "Achimwene, dzinalo lilowetseni m'kati, chigawo chilichonse chikhale ndi pakepake. Anthu anayi salemba pa sileti imodzi. Wina akulemba, wina wafufuta kale."

"Amayi, inu ndiye mantha," anatero akuseka. "Ndayesa kakhumi konse, sizinalakwe."

Eetu, ankayesa ndi wodwala mmodzimmodzi.

Lolemba pachipatalapo panadzaza anthu. Tsiku lomwelo mkazi wake anachira pomwepo mwana wamkazi, koma anataya magazi ambiri. Chakumasana bamboyo anatsegula kompyuta kuti aone zotsatira za mkazi wakeyo. Dzina linali la mkaziyo, koma gulu la magazi linalembedwa B. Chonsecho mkazi wake ndi O, iye ankadziwa bwino lomwe.

Anathamangira kuwodi, n'kupeza thumba la magazi lakolekedwa kale, nesi akulumikiza kapaipi padzanja la mkazi wake.

"Anesi, chonde musatsegule. Magaziwo si ake."

"Pepala likuti ndi ake, bambo."

"Pepalalo lalakwika. Wolakwitsa ndine."

Nesi anamuyang'ana kaye, kenako anachotsa thumbalo. Bamboyo anangokhala pansi pomwepo. Anaimbira mayi wachikulire uja kuti azimitse pulogalamuyo msanga.

"Ndazimitsa," anayankha mayiyo. "Koma kuyambira m'mawa yasindikiza mapepala 63. Inu mwathamanga poti mumadziwa magazi a akazi anu. Nanga enawo akuwathamangira ndani?"

Phunziro: Zigawo za pulogalamu zikamagwira ntchito nthawi imodzi, chilichonse chizisunga zake m'kati mwake, musaziikire pamodzi. Kuyesa kakhumi si umboni, ndipo wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tumizirani anzanu onse olemba mapulogalamu, makamaka aja amati "kwanga ikuyenda bwinobwino".