Pulasitiki ya Zaka Zisanu

Masiku amenewo mbewu yapamtetete inkapserera ndi dzuwa, ndiye banja lililonse linkalandira pulasitiki imodzi yofolera dimba pa zaka zisanu. Lamulo linkati wosankha akhale mwini mbumba.

Ndaziona anaperekeza amalume ake, a Gwedeza, kudepoti kuti iye akasenze pulasitikiyo. Iwo kungofika, maso pa yonyezimira.

Mtsikanayo anagwada. "Amalume, imeneyo njopyapyala, alembapo kuti imatha chaka chimodzi. Yolimba ndi yotuwayo."

"Iwe, fomu folo yakuzunguza mutu eti? Anthu aziti kwa Gwedeza anafolera chiguduli?"

Ndaziona mtima unamuwawa. A Gwedeza ankakhala kutsidya kwa akazi awo, m'dimbamo sankapondamo n'komwe. Pulasitiki ikang'ambika, ogona ndi njala zaka zinayi ndi iyeyo ndi mayi ake.

Kalaliki anatenga cholembera. "Ndilembe iti, bambo?"

Ndaziona, amene ngakhale m'kalasi sankakweza dzanja, anadzuka, nakulunga nkhata, nasenza yotuwayo.

"Yonyezimirayo musenza nokha, amalume. Kwathu ndi makilomita khumi."

A Gwedeza anainyamula pang'ono yonyezimirayo, atamva kulemera kwake anaibwezera pansi.

"Lembani yotuwayo."