Foni Yakale ya Mayi wa Pasaluni

Panali mayi wina amene anali ndi saluni pamwamba pa sitolo ya nsapato. Amene anandiuza nkhaniyi ankalukitsa tsitsi komweko, ndipo akuti ndi yoona. Mayiyu ankagwira ntchito ndi mnzake amene anali atakhala naye zaka khumi ndi ziwiri, yemwe makasitomala anamupatsa dzina loti Changu chifukwa cha liwiro la zala zake.

Paja mutu ukakhala m'manja mwa woluka, pakamwa pamamasuka. Azimayi ankauza mwini saluniyu zakukhosi, ena n'kumamutumizira mauthenga a mawu ndi zithunzi. Zonsezo zinkakhala m'foni yake, imene anali atakhala nayo zaka zisanu ndi ziwiri.

Tsiku lina foniyo inalemba kuti kampani yasiya kuitumizira maapudeti a chitetezo. Mayiyo anakaonetsa mlamu wake, wokonza mafoni.

"Alamu, foni iliyonse kampani imaisamalira kwa zaka zowerengeka," anatero mlamuyo. "Ina ziwiri, ina zisanu, ina kuposerapo. Zikatha, mabowo amene akuba akuwatulukira palibenso wowatseka. Gulani ina. Apo ayi, chotsanimo zinsinsi za anthuzo."

Mayiyo anamuyang'ana cham'mbali. "Mwayamba liti kutsatsa mafoni, alamu? Inu ndi makampani anuwo ndinu amodzi. Foni yabwinobwino, yosang'aluka ndi galasi lomwe, ndiitaye? Ine si wogona."

Patapita masiku, m'salunimo munalowa bambo wina wotchena, atanyamula chikwama cha machaja ndi makava a mafoni. Ataona foni ija pagome anati, "Ha, chitsulo chenicheni ichi! Za masiku ano n'zidole."

Mayiyo anamudandaulira za uthenga uja.

"Amayi, musanamizidwe," anatero bamboyo, mawu atatsitsa. "Apudeti ilipo, amangoibisa kuti mugule yatsopano. Ine ndimaika ulere. Mungondiuza pasiwedi."

Changu anamukodola mnzake. "Iwe, munthuyu tikumudziwa?"

"Iwe luka tsitsi," anayankha mwini saluni.

Bamboyo anakhala pabenchi pafupi ndi zowumitsira tsitsi, n'kudinadina kwa kanthawi. Anabweza foni, natsika masitepe akuimba mluzu.

Patatha sabata ziwiri, namwino wina, kasitomala wakalekale, anatulukira maso ali gwa.

"Mawu aja ndinakutumizirani, odandaula za amuna anga, afika bwanji kwa apongozi anga? Dzana nambala yanu inandiopseza kuti ndikapanda kupereka kangachepe muulula. Ndinayesa nthabwala. Lero kunyumba kwanga kwayaka moto!"

Mayiyo analumbira kuti sakudziwapo kanthu. Namwinoyo anamenyetsa chitseko.

Apa mutu wa mayiyo unayamba kuzungulira. Amagwira foni yanga ndani? Anakayikira amuna ake, mpaka anayamba kupita nayo kubafa. Anakayikira mlamu uja, kuti mwina akufuna kumuonetsa kuti ankanena zoona. Kenako anakumbukira kuti iye akamatsuka mitu ya anthu, amene amayankha foni ndi Changu. Anakumbukiranso kuti Changu ananenapo zofuna kudzatsegula saluni yakeyake. Basi, mlandu unathera pomwepo.

M'mawa mwake anamufunsa pamaso pa makasitomala.

"Ukufuna undiipitsire mbiri kuti anthuwa azibwera kwa iwe, eti? Njoka iwe!"

Changu anamaliza mzere umene ankaluka, anavula epuloni, anatola zipeso zake n'kutuluka.

Koma mauthenga sanasiye. Mphunzitsi wina analandira chiopsezo, kenako mkazi wa dalaivala. Nkhani inawanda. Mipando ya m'saluni inayamba kukhala yopanda anthu tsiku lonse.

Atasowa pogwira, mayiyo anabwerera kwa mlamu wake, mutu uli pansi. Mlamuyo anafufuza m'fonimo napeza kapulogalamu kobisika, kopanda dzina, kamene kankakopera chilichonse n'kutumiza kwina.

"Anaika ndani aka?"

Mayiyo anafotokoza za bambo wa machaja.

"Foni yolandira maapudeti mwina ikanakana, kapena ikanakuchenjezani," anatero mlamuyo. "Iyi inangomutsegulira."

"Ndiye kachotseni msanga!"

"Ndikachotsa. Koma zimene anakopera zili kale m'manja mwake, alamu. Zimenezo sindingazibweze."

Bambo wa machaja uja sanaonekenso mumsewumo.

Mayiyo anapita kwa Changu. Anamupeza pakhonde akuluka munthu, ena atatu akudikira pabenchi, onsewo makasitomala ake akale. Anagwada pomwepo n'kupepesa, misozi ili chuchuchu.

Changu sanasiye kuluka.

"Dzuka, ndakukhululukira," anatero. "Koma munthu wa tsiku limodzi unamupatsa pasiwedi. Ine wa zaka khumi ndi ziwiri unandipatsa dzina la njoka. Kusaluni kuja sindibwererako."

Mayiyo anadzuka, napukuta mawondo. Pa anthu anali pabenchiwo, palibe ndi mmodzi yemwe anamusunthira kuti akhale.

Phunziro: Foni ikamayaka sizitanthauza kuti ndi yotetezeka. Musanagule, funsani kuti kampani idzaitumizira maapudeti mpaka liti, ndipo nthawiyo ikatha musasungemonso zinsinsi, zanu kapena za eni. Pasiwedi musapatse munthu wongodutsa, ngakhale atalankhula zokukomerani. Ndipo musanaloze chala mnzanu, yambani mwafunsa chimene inuyo munatsegulira. Tumizirani uthengawu abale ndi anzanu, makamaka aja amanyadira kuti foni yawo siifa.