Khoma la Amalume

Suwichi, kabokosi kolumikiza makina onse a mu loja, sitolo ya banja lawo, inali ndi mabowo asanu. Yolanda anali atalowetsamo kale makabo anayi, mawaya olumikizira: ya intaneti, ya impresora yosindikizira mapepala ndi awiri a makompyuta. Yachisanu, yaitali, anaikulunga padzanja.

"Imeneyo ikupita kuti?" anafunsa amalume ake, a Victorino, ataima pakhomo.

"Kuseriku."

Kuseri kwa khomalo kunali Judite, mkulu wake wa Yolanda, ndi kakompyuta kake kakale. Khomalo anamangitsa ndi amalumewo, monga nkhoswe, Judite atachoka kwa mwamuna wake diso lili chitupire. Anadula pakati loja ya malemu amayi a atsikanawo, n'kulamula kuti wina asamugawire kanthu, ngakhale mchere, mpaka atabwerera ku banja.

"Ndinanena chiyani ine?"

"Ndinamva, amalume."

Yolanda anatenga chobowolera, n'kuchitsamiritsa pa njerwa.

"Ukangobowola pamenepo, tsiku la ukwati wako nkhoswe ukaifune kwina."

"Ngati unkhoswe wake ndi umenewu, musavutike."

Makina analira. Fumbi lofiira linawazikira mpaka pa nsapato za amalumewo, koma Yolanda sanapepese. Anauzira pabowopo, n'kulowetsa kabo ija, mbali inayo n'kuisomeka mu suwichi.

Kwa kanthawi kabo inangolendewera. Kenako inayamba kuyenda yokha padzanja pake. Munthu ankaikoka kuseriko.

A Victorino anali akadali pakhomo, akusasa nsapato, pamene kanyali kachisanu ka pa suwichi kanayaka, kobiriwira ngati tinzake.