Waya wopanda fyuzi

A Kingstone anali chigonere pa benchi, chipewa kumaso, pamene galimoto yobiriwira inaima pansi pa mtengo wa mango umene iwo ankautcha galaja. Sanadzuke msanga. Munthu amene watha masiku atatu osagwira sipanala safuna anthu aone kuti wakondwa.

Kwa zaka makumi awiri, galimoto iliyonse yovuta magetsi pa Mangochi inkathera pa mtengo umenewu. Kenako kunabwera Jaffalie wa ku Namwera. Anatsegula kashopu kamalata tsidya la msewu, ali ndi kamakina koyezera magetsi, ndipo makasitomala anakhamukira komweko ngati ntchentche pa usipa. Dzina la a Kingstone linayamba kuzilala iwo akuona, ndipo nsanje inkawadya usana onse. Ngakhale moni umene Jaffalie ankawoloka nawo msewu m'mawa uliwonse, kwa iwo unkamveka ngati chipongwe.

M'galimoto muja munatsika mayi Abiba, ogulitsa nsomba ku Nkopola.

"Bambo, galimotoyi ndagula mwezi watha, koma ikumanunkha ngati pulasitiki akupsa. Ndachokera kwa Che Jaffalie, ndiye akuti..."

"Basi, mayi, ndamva," a Kingstone anawadula, mtima ukuvina. Yamukanika Jaffalie! Tsiku lija lafika.

Anatsegula boneti, koma pamalo a batire panali dzimbiri lokhalokha. Mayiwo analoza kumbuyo. M'buti munali batire lalikulu, la lole, lomangidwa bwino ndithu. Waya wofiira, wonenepa ngati chala chachikulu, anachoka pa batirelo n'kulowera pansi. A Kingstone anayala katoni, n'kukwawira kunsi kwa galimoto, akumutsata wayayo ndi dzanja mpaka ku sitata. Pamene anadutsa pa bowo la chitsulo, khungu lake linali litaperepeseka n'kuyamba kusungunuka, ndipo paipi ya petulo inali pomwepo. Anamutsatanso kachiwiri kuti atsimikize. Kuchokera kubuti mpaka kutsogolo, fyuzi panalibe.

Ntchito yake inali yosachedwetsa: kudula waya pafupi ndi batire, kuikapo fyuzi, kukulunga pamene panaperepeseka, mayi azipita. Koma mwayi ngati umenewu munthu saudya yekha. Anatuluka kunsi kuja, anasasa fumbi, n'kuitana akabaza amene ankadikira anthu pa mphambano.

"Tabwerani mudzaone ukatswiri wa masiku ano!"

Anthu a pa msika sachedwa. Anabwera akabaza, anabwera amayi a tomato, ndi madalaivala awiri a minibasi amene kale anali makasitomala a pa mtengo pano. Awiri amenewo ndiwo a Kingstone ankawafunitsitsa.

"Ukasamutsa batire kupita nalo kumbuyo, waya amatalika," anayamba ngati mphunzitsi, akumenya buti ndi sipanala. "Fyuzi imayenera kukhala apa, pakamwa pa batire penipeni, osapitirira chikhatho chimodzi. Waya akakhudza chitsulo, ipse ndi fyuzi, osati galimoto. Tsono taonani. Ili kuti? Mayiwa akanangogunda bampu limodzi, akanapsa pamodzi ndi chambo chawo!"

Anthu anagwira pakamwa. Dalaivala mmodzi anagwada kusuzumira, n'kudzuka akupukusa mutu.

"Bambo, chonde, tiyeni tikambire pambali," anatero mayi Abiba motsitsa mawu.

A Kingstone sanawayang'ane n'komwe. Ankadziwa kuti anthu a Jaffalie amabisirana. Maso awo anali tsidya la msewu, kumene Jaffalie mwini wakeyo anali ataima pakhomo pa shopu, kansanza m'manja, mutu pansi. Manyazi amugwira, anaganiza choncho, ndipo kukoma kwake kunawafika mpaka m'mafupa. Anakweza mawu kuti awoloke msewu.

"Amene anachita izi si makaniko. Ndi wakupha! Munthu wotere tisamulole kugwiranso galimoto ya munthu m'tauni muno. Ndikunama?"

"Simukunama, bambo!" anavomera akabaza.

"Yanga minibasi sadzaionanso, kaya ndi ndani," anatero dalaivala uja.

A Kingstone anakumbatira manja pachifuwa. Chinatsala n'chimodzi chokha, kuti dzina limveke kuchokera pakamwa pa mwini galimoto, anthu onse akumva.

"Mayi, mutchuleni. Musamubise."

"Bambo, ndakupemphani..."

"Mutchuleni!" gulu linakuwa.

Mayi Abiba anakonza mpango wawo, anayang'ana tsidya la msewu ngati akupepesa, kenako anapuma mpweya wautali.

"Che Jaffalie sanaigwire galimotoyi. Angoimbira foni aphunzitsi a Masiye amene anandigulitsa, omwe anali nayo ikadali yoyera, isanapakidwe penti wobiriwirayu. Akuti batire munasamutsa ndinu chaka chatha, fyuzi munati mudzaika Loweruka. Che Jaffalie andiuza kuti ndibwere nayo kwa inu, muikonze mwakachetechete anthu asanadziwe."