Yatsala ndi Miyezi Inayi

Mtsikana wa pa kauntala pa bwalo la ndege anatembenuza tsamba la pasipoti, anabwereranso pa loyamba, kenako anayamba kuwerenga ndi zala. Mayi mwini pasipotiyo ankangoyang'ana zalazo.

Mwamuna wake anali atamugwira pa chigongono, monga ankachitira paliponse pamene pali anthu. Oona ankati ndi chikondi. Abale a mayiyo, omwe anatopa n'kugogoda pageti losatsegulidwa, ankamutchula mkuluyo kuti a Loko.

Ulendo unali wa ku chilumba, kwa mchenga woyera ndi migwalangwa. Kampani ya inshuwalansi imene a Loko ankagwirako ntchito inasankha antchito amene anachita bwino, aliyense ndi mkazi wake. Abwana anali atalowa kale, akukupiza dzanja kuseri kwa galasi. Ndege ya kumeneko inali imodzi pa sabata.

"Bambo, yanu ili bwino," anatero mtsikanayo. "Ya mayiwa ndiyo yavuta."

"Yavuta chiyani? Sinathe imeneyo. Ndimasunga ndine."

"Kutha sinathe, koma yatsala ndi miyezi inayi. Kumene mukupitako amafuna yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Tikawakweza, akawabweza asanaponde n'komwe mchenga."

Mayiyo anawerama. Nsapato zatsopano zinkamuluma. Anazisankha ndi a Loko, monganso diresi, monganso chipewa chomwe chinali pamwamba pa sutikesi. Chikwatiwireni, kutali kumene anafikako yekha kunali pa chingwe choyanikira zovala. Pasipotiyo anaipeza akali mbeta, masiku amene ankakaoda nsalu kunja. Mwambo wa ukwati utangotha inalowa m'chikwama cha a Loko pamodzi ndi chitupa chake, ndipo anadzaionanso lero, m'manja mwa mtsikanayu.

"Ndiitanireni wamkulu wanu," anatero a Loko. "Sindikamba ndi ana."

"Achimwene, ndege si minibasi," wina anatero kumbuyo pa mzere. "Sidikira kuti idzaze."

Anthu anaseka. Zala za a Loko zinafinya chigongono mpaka mayiyo anamva dzanzi.

Wamkulu anabwera, bambo wa dazi, wa nkhope ya munthu wosadziwa kukana. A Loko anasintha mawu pompo, anakhala ofewa ngati a m'busa pa maliro.

"Bambo wanga, taonani mayiwa. Nyanja ya mchere sanaionepo. Chimvereni za ulendowu sagona tulo. Muwabweze chifukwa cha miyezi iwiri yokha?"

Zosagonazo zinali zoona, ndipo maso ake ankachitira umboni. Wamkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, anakanda dazi, n'kutenga foni.

"Ndiyese kufunsa. Nthawi zina amamva chisoni."

Anapatuka nayo foniyo. Mayiyo anatseka maso. Ambuye, kamodzi kokha, anatero chamumtima. Zaka zonsezi sindinakuvutitseni. Kutsogolo kauntala, kumbuyo mzere, m'mbali zingwe zotchingira anthu, pa mkono dzanja la a Loko. Kuseri kwa galasi akazi a anthu ena ankajambulana, atavala kale magalasi a dzuwa.

Wamkulu uja anaseka pa foni, anagwedeza mutu ngati akuvomera. Mtima wa mayiyo unaima. Kenako bamboyo anabwera pang'onopang'ono.

"Pepani, mayi. Akana."

Mayiyo anakhala pa sutikesi, chipewa chija n'kuphwanyika, misozi ikungoyenda yokha.

"Koma ndiye zachisoni," anatero mayi wina pa mzere. "Munthu watchena chonchi."

A Loko anawerama ngati akumutonthoza. "Wandichititsa manyazi," ananong'ona. Ataweramuka anaona abwana akuloza wotchi. Aliyense ku ofesi ankadziwa kuti mpando wa umanijala ukakambidwa kumeneko, pa mchenga. Wotsala watsala.

"Njira ilipo," anatero mtsikana uja. "Tikiti yawo tiisunthire ku ndege ya sabata yamawa. Akapangitse pasipoti yachangu. Koma apite eni ake, ndi yakaleyi pamodzi ndi chitupa."

A Loko anatsegula chikwama. Chitupacho chinatuluka movuta ngati dzino la m'mbuyo. Anachiika m'manja mwa mkazi wawo pamodzi ndi pasipoti, pamwamba pake kiyi wa pageti.

"Ukwere takisi, molunjika kunyumba. Mawa amayi abwera kudzakhala nawe, ndiwo akuperekeze. Ndiziimba foni ya m'nyumba. Isalire kawiri."

"Ndamva, bambo."

A Loko analowa, akucheukacheuka mpaka chitseko chinawameza.

Mayiyo sanachoke. Anaima pa zenera lalikulu, chipumi pa galasi, kuyang'ana ndegeyo ikubwerera chambuyo, ikuthamanga, ikunyamuka, mpaka inasanduka kadontho n'kusowa m'mitambo. Wosesa wina anadutsa, anamuyang'ana, n'kupukusa mutu.

Atatembenuka, mchemwali wake wamkulu anali ataima pafupi ndi khomo lotulukira, manja m'chiuno.

"Zayenda bwanji?"

"Andikana, asisi."

"Mulungu alipo ndithu. Lole ili panja, tiye tikalongeze apongozi ako asanafike."

Mayiyo anavula nsapato zija n'kutsatira. Mwezi umodzi m'mbuyomo, a Loko akusamba, mayi wa ku ofesi ya maulendo anaimba foni kuchenjeza kuti pasipoti ya mayi ikufunika yatsopano msanga. Mkazi wa a Loko, amene anayankha foniyo, anathokoza mwaulemu, n'kulonjeza kuti uthengawo aupereka kwa bambo.