Masatifiketi Asanu ndi Awiri

Preston Haldane anayala masatifiketi ake patebulo ngati wogulitsa makapeti. Analipo asanu ndi awiri, lililonse m'kapulasitiki kake. Anawawongola ndi chala, analawa khofi wa pachipatalapo, n'kukwinya nkhope.

Ntchito inali imodzi. Chipatala cha ana cha Birch Hollow, ku Michigan, chinkafuna katswiri woti amange nkhokwe yatsopano ya pa kompyuta, mosungira mayina a ana, matenda awo ndi akatemera amene analandira. Oifuna ntchitoyo anatsala awiri.

Wachiwiriyo anali Latrice Boykin. Anakhala pakona, jekete yake ikudontha madzi a chipale chofewa chosungunuka. Sukulu anaisiyira panjira. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anakhala pawindo lolandirira odwala pachipatala chomwecho, kutayipa mayina tsiku lonse. Zomanga nkhokwezi anaziphunzira yekha pa nthawi ya nkhomaliro, sangweji ili kudzanja. Panopa anali pa tchuthi cha uchembere, ndipo wolera ana anamukanira m'mawa womwewo. Latrice anangobwera ndi kangolo kokankhira mwana, kofunditsidwa bulangete lachikasu. Kangoloko kanakanirira pakhomo mpaka mlonda anachita kutsegula chitseko chachiwiri. Preston anaziona zonsezo, n'kuyang'ana wotchi yake.

Mayi Gunderson, woyang'anira chipatala, anawapatsa mayeso ofanana. Kaundula wakale anali chipwirikiti chokhachokha. Mwana yemweyo ankapezeka kawiri, katatu: lero Katelyn, mawa Kaitlin, mkuja Caitlyn. Aliyense analandira kope la kaundulayo ndi ola limodzi kuti alikonze.

Preston anamaliza m'mphindi makumi awiri. Zotsalazo anathera pofotokoza za iye mwini, ngakhale panalibe amene anamufunsa.

“Munthu safika pano chifukwa chodziwa kutayipa,” anatero, maso ali kudenga osati pakona. “Digiri kaye, zaka zinayi. Kenako zaka zisanu ukusamala nkhokwe zomanga ena. Kenako izi.” Anagogoda masatifiketi aja.

Ola litakwana anaimirira pabolodi, n'kukwinya manja a malaya ngati akufuna kunyamula chinthu cholemera.

“Dzina loyamba litayeni. Ndi limene makalaliki amalakwitsa. Pepanitu mayi, sikuti ndi inu nokha. Tigwire zinthu zitatu zimene sizinama: dzina la banja, tsiku lobadwa, nambala ya foni ya mayi. Zitatuzi zikafanana, ameneyo ndi mwana mmodzi. Timaphatikiza, dzina lotsalalo timafufuta. Basi.”

Anatembenuza kompyuta yake kuti onse aone. Mayina 412 anali atachoka. Kaundula anali woyera ngati mbale yotsuka. Mayi Gunderson anagwedeza mutu, anavundukula cholembera, n'kulemba kenakake.

Latrice anali atachotsa mayina 90 okha. Ena onse anawaika pambali, pamndandanda wa makolo oti aimbiridwe foni kaye.

“Foni,” Preston anaseka. “Mukufuna katswiri, Mayi Gunderson, kapena munthu wocheza pa foni?”

M'kangolo muja munayamba kulira. Latrice analowetsa botolo la mkaka pansi pa bulangete, kulira kunaleka. Posakhalitsa kunayambanso, kang'onong'ono kuposa poyamba. Anatulutsa botolo lina m'chikwama.

“Amadya bwinotu mkuluyu,” anatero Preston. “Pajatu n'chifukwa chake ntchito ngati izi zimafuna munthu wa manja awiri.”

 Latrice ankayang'ana Mayi Gunderson, amene tsopano ankawerenga masatifiketi aja limodzilimodzi, pakamwa pali pwee, ngati muli mankhwala a chifuwa. Mayiwo anafunsa Preston tsiku limene angayambe. Preston anati aona kaye kalendala yake. Munthu wosagwira ntchito chiyambire chilimwe, koma kalendala ali nayo.

Nkhope ya Mayi Gunderson imeneyo Latrice ankaidziwa. Ndi nkhope imene anthu amaonetsa akamafuna kukuthokoza chifukwa chobwera. Tchuthi chikatha abwereranso pawindo paja, kutayipa mayina m'nkhokwe yomanga bamboyu mpaka imvi. Anatseka kompyuta yake, anavala chipewa, n'kumasula buleki ya kangolo ndi phazi.

“Bambo Haldane, ndisanapite, tandifufuzirani dzina langa pamenepo. Boykin.”

Preston anatayipa mwaulesi, ndi chala chimodzi. Panatuluka mzere umodzi: Boykin, wobadwa pa 3 Okutobala, katemera aliyense wolembedwa kawiri.

“Mwaonatu,” anatero akumwetulira. “Ngakhale wanu yemwe analembedwa kawiri, pawindo lanu lomwelo. Ndakukonzerani, mwaulere.”

Latrice anakoka bulangete lija. Timapazi tinayi tinapalasa m'mwamba, tiwiri tovala masokosi obiriwira, tiwiri ofiira. Cholembera cha Mayi Gunderson chinaima pakati pa mzere.

“Zikomo, bwana katswiri,” anatero Latrice. “Ndiye tandiuzani, amene mwamufufutayo ndi uti, kuti ndimusiye pompano?”